Tabwerako ku chigwa cha Shire

Abale anga, tafika bwino. Masiku anayi tinali pamsewu wa M1, ine, ana anga awiri ndi alamu anga, tenti ndi mbaula zili kumbuyo kwa galimoto.

Potsika mapiri kuchokera ku Blantyre kulowera ku Thabwa, chigwa chonse chimaoneka pansipo, Shire akukhotakhota pakati pa minda. Kutentha kumakuchingamira usanawoloke n'komwe mlatho wa Kamuzu. Okutobala kuno si masewera, madzi a m'chigubu amachita kufunda ngati tiyi.

Pa Dyeratu tinadya kanyenya wa mbuzi, kenako tinadutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo, Ngabu, mpaka Bangula. Koma chandikhala mumtima ndi Lengwe, malo osungirako nyama zakutchire. Tinalawira m'mamawa n'kukakhala phee pafupi ndi dziwe. Nyala yamphongo inatulukira m'thengo pang'onopang'ono, mizere yoyera ili m'nthiti, n'kuwerama kumwa. Mwana wanga wamng'ono anangondifinya dzanja, osayankhula kanthu.

Ku Bangula tinakhoma tenti pansi pa mlambe, pakhomo pa agogo ena. "Gonani pompano adzukulu, kunjaku kwada," anatero. Anatiphikira nsima ya mapira ndi mlamba wowamba, n'kutifotokozera mmene madzi osefukira a 2015 anawasamutsira kumudzi kwawo kwakale. Zimandiwawa kuti ambirife timangomva za dera lino madzi akasefukira basi.

Mukamapita musaiwale neti, udzudzu wake ndi wambiri. Chaka chamawa, Mulungu akalola, tikagona ku Mwabvi, malo ena osungirako nyama zakutchire.