Giledi 3 si siteji 3, ndinalira sabata yonse pachabe

Zotsatira za biopsy, kuyeza kanyama komwe anandidula pa chotupa cha m'bere kuti aone za khansa, anangondipatsa mu envelopu, adokotala kunalibe tsiku limenelo, ndiye ndinatsegula ndekha ndili pa benchi. Diso linangogwera pa "grade 3" basi mtima phaa, ine nkumati ndiye siteji 3 imeneyi, kwangotsala imodzi. Sabata yonse osagona. Nditabwerera adokotala akuti ayi mayi, giledi ndi mmene maselo akuonekera pa microscope, imayambira 1 mpaka 3, ikakhala 3 ndiye kuti ndi olusa amakula msanga, koma siteji ndi nkhani ina, imatengera kukula kwa chotupa, ngati yalowa mu mwanabere wa m'khwapa, ngati yafalikira kwina. Yanga inadzapezeka kuti ndi siteji 2. Musamawerenge lipoti nokha abale.

Koma chomwe chinandipsetsa mtima ndi HER2, puloteni ina yomwe amayeza pa maselo a khansa ya m'mawere. Analemba 2+, ndipo 2+ si eya si ayi, 0 ndi 1+ ndi negative, 3+ ndi positive, ya pakatiyi imafunika kuyezanso ndi FISH, kuyeza kwina kwa ku labu kotsimikizira ngati ndi positive kapena negative. Palibe anandiuza. Ndinapita pa tsiku lomwe anandipatsa, kukhala pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kulowa mkati anesi kutsegula fayilo nkumati aa, kodi sanatumize ku labu? Sampulo inangokhala osayezedwa, tsiku langa lonse linapita choncho. Mukangoona 2+ funsani pompo ngati atumiza.

Ndaiwala, za ER ndi PR, zomwe zimaonetsa ngati khansayo imakula ndi mahomoni a estrogen ndi progesterone. Nditaona positive ndinanjenjemera poti mawu amenewa tinawazolowera pa zoipa, koma apa ndi nkhani yabwinoko, khansayo imadya mahomoni ndiye pali mapilisi ngati tamoxifen oyimana chakudyacho, amamwa zaka 5 mwina mpaka 10. HER2 ikakhala positive palinso mankhwala ake, trastuzumab. Zonse zitatu zikakhala negative ndi ija amati triple negative, imeneyo amadalira kwambiri kemo. Ki-67 ndi peresenti ya maselo omwe akugawikana, ikakwera ndiye kuti chikukula mwachangu, koma payokha siinena kuti mukhala zaka zingati.

Mchemwali wanga ankangolimbikira zoti ndiyezetse magazi a CA 15-3, adokotala anati imeneyo sapezera khansa, imathandiza potsatira matenda omwe afalikira kale. FISH ija inabwera negative. Lipoti lililonse lijambuleni pa foni, ndipo ndikubwerezanso, mukaona 2+ musatuluke mchipindamo osafunsa.