"Tawina" ndi "aluza": pepala langa la masapota lija layamba kuyenda

Eee koma lero ndapumako. Masabata asanu ndakhala ndikulimbana ndi pepala la kosi ya sociology ya masewero, funso lake loti n'chifukwa chani munthu amakakamira timu yomwe imangomupweteka mtima chaka ndi chaka, ndipo dzulo cha m'ma 11 koloko usiku ndili m'basi kuchokera ku ganyu ndi pomwe zinthu zinalowa m'mutu. Ndikulemba pompano ndisanaiwale, chifukwa ine mutu wangawu ukagwira chinthu usiku, kukamacha chimakhala chathawa.

Za Tajfel ndi Turner sindiyambanso, amene tinapanga limodzi social psychology mukuzidziwa, gulu lathu gulu lawo, basi. Zomwe zinandizunguza ndi za kafukufuku wa Robert Cialdini, katswiri wa social psychology, wa 1976. Iye ndi anzake anaona kuti ophunzira a m'mayunivesite a ku America timu yawo ikawina kumapeto kwa sabata, Lolemba ambiri amabwera m'kalasi atavala zovala za dzina la sukulu yawo, ndipo ukawafunsa za gemu amati "tawina", koma ikagonja amati "aluza". Nditawerenga ndinaseka ndekha mu laibulale, chifukwa izi kwathu sizifuna kafukufuku, ingokwerani minibasi ya ku Ndirande Lolemba Maule atachita bwino, aliyense "tawakwapula", akagonja ndiye "anyamatawa asewera zachibwana". Chichewa chimamuulula munthu msanga, ta- ndi a- basi wamugwira.

Ndiye ndinati zophweka izi, pepala ndilemba masiku atatu. Bodza.

Achikulire omwe ndimachita lendi kachipinda kapansi kwawo kuno ku Toronto ndi sapota wa Maple Leafs, timu ya hockey ya pa ayisi ya mumzinda uno. Timu imeneyi inatenga Stanley Cup, chikho chachikulu cha hockey, komaliza mu 1967, iwo ali mwana wa ku pulayimale, ligi ya NHL ili ndi matimu 6 okha. Kuchokera pamenepo palibe, ngakhale kufika mufainolo osafika. Mu 2013 amatsogola 4-1 pa gemu ya nambala 7, yomwe woluza amatuluka mumpikisano, ndi Boston Bruins, chigawo chomaliza, n'kuluza 5-4. Mu 2021 amatsogola magemu 3 kwa 1 ndi adani awo enieni a Montreal Canadiens, n'kuluza atatu otsatizana. Ndiye malinga ndi Cialdini achikulirewa amayenera kumati "aluza". Ayi ndithu. Amatsika masitepe, kugogoda pachitseko changa, nkhope yakugwa ngati kwagwa maliro, "tazipanganso". Ta-. Nthawi zonse ta-. Pogonja ndi pomwe ta- wawo amamveka kwambiri kuposa akawina.

Ndinakafunsa alekichala. Anangondiuza kuti kawerenge Wann ndi Branscombe, 1990, za masapota osathawa zivute zitani ndi masapota ongoikonda timu ikamawina, yankho lili momwemo. Ndinakawerenga. Zomwe akunena n'zoona, kuti munthu amene timu inamulowa kwambiri sadzipatula ikagonja, koma ine ndinaona ngati angopereka dzina ku funso langa lomwelo. Ndikufunsa chifukwa chani sathawa, akundiyankha kuti chifukwa ndi osathawa. Ndipo alekichala amenewa vuto lawo amaona ngati tonse tinabadwira pa ayisi. Amangoti "monga mukudziwa za 1955" kalasi yonse kugwedeza mitu, ine phee, ndikulemba 1955 ndi chizindikiro cha funso pambali. Nthawi yokaonana nawo ku ofesi anaiika Lachinayi masana, nthawi yomwe ine ndimakhala ndikunyamula makatoni. Nditawalembera imelo anayankha patapita masiku 6, mizere iwiri. Chabwino.

Chomwe chinandithandiza si buku ayi, ndi chipewa. Kuganyu kuli mkulu wina wochokera ku Quebec City, amavala chipewa chabuluu chothetheka cha Nordiques, timu ya hockey ya kwawoko, tsiku ndi tsiku, ndipo dzulo pa nthawi ya tiyi ndinamufunsa kuti timu yanuyi ili pa nambala chani. Anandiyang'ana ngati ndamutukwanira mayi. Timu imeneyo kulibe. Inagulitsidwa mu 1995 n'kusamukira ku Denver, n'kukhala Colorado Avalanche, ndipo sizoni yoyamba yomweyo, 1996, inatenga Stanley Cup, chikho chomwe ku Quebec sinachigwireko. Chowawa kwambiri, anatero, goloboyi wawo anali Patrick Roy, yemwe a Canadiens anamutumiza ku Colorado mu Disembala 1995, ndipo iye akuti timu ikanakhala idakali ku Quebec a Montreal sakanayerekeza kumupereka kwa adani. Ndinamufunsa kuti ndiye mu 1996 munasangalala, poti osewera ambiri anali omwewo? Anati "anawina". A-. Kenako mphindi yomweyo akufotokoza gemu ya Lachisanu Loyera la 1984 ku Montreal Forum, yomwe osewera a matimu onse awiri anamenyana mpaka mabenchi kutsala opanda munthu, akuti "tinawaonetsa", chonsecho gemu imeneyo Nordiques inaluza n'kutuluka mumpikisano.

M'basi muja ndi pomwe ndinati aaa. Osewera omwewo atawina chikho, "anawina". Timu yoti inaluza ndipo inafa zaka 30 zapitazo, "tina-". Ndiye kuti ta- uja sakuloza timu n'komwe. Ine masabata onsewa ndimaganiza kuti pali sapota uku, timu uko, ndiye pakati pali chingwe chotchedwa kukhulupirika, ndipo ndimafunafuna chomwe chimalimbitsa chingwecho. Palibe chingwe. Munthu akamati "ife" akunena anthu omwe ankaonera nawo, bambo ake, amalume ake, mzinda wake, chiyankhulo chake, timu ija ndi mtengo chabe womwe anthuwo amakumanapo. Mtengo atha kuudula, koma anthu akudziwabe kuti timakumana apa. Ndiye funso loti bwanji sakuisiya timu yoluza ndi lolakwika kuyambira pachiyambi, zili ngati kumufunsa munthu kuti bwanji sukusintha mfunda wako poti kwanu munda sunabereke chaka chino. Ku Quebec City anafika pomanga bwalo latsopano, Centre Vidéotron, lolowa anthu oposa 18,000, analitsegula mu 2015, timu ya NHL yoti izisewerapo palibe mpaka lero. Kale ndikanati misala. Panopa ndikuona kuti amakonza pabwalo poti anthu ake alipo, chasowa ndi mtengo basi.

Nditafika kunyumba sindinagone, ndinatsegula kompyuta kuti 1955 ija ndithane nayo. Maurice Richard, wa Canadiens, munthu woyamba kugoletsa zigoli 50 m'magemu 50, anamenya mmodzi wa oyimbira pa gemu ya ku Boston mu Malichi chaka chimenecho, ndipo pulezidenti wa ligi Clarence Campbell anamuimitsa sizoni yonse yotsala kuphatikiza ma playoff. Pa 17 Malichi Campbell anapita kukaonera gemu ya Detroit ku Forum, anthu anamugenda ndi zinthu, wina anaphulitsa utsi wokhetsa misozi, gemu inathera panjira, chipolowe chinasefukira mumsewu wa Sainte-Catherine, magalasi a mashopu kuphwanyidwa. Mawa lake Richard yemweyo anachita kuyankhula pa wayilesi kuti anthu adekhe. Ukaziwerenga ngati nkhani ya hockey sizikumveka, munthu anamenya refu, chilango chimayenera kubwera. Koma ikani ta- pamenepo. Richard anali woyankhula Chifalansa mumzinda womwe ambiri anali achifalansa koma ndalama ndi maudindo zili m'manja mwa oyankhula Chingerezi, Campbell ali wa Chingerezi. Anthu sanamve kuti "amulanga", anamva kuti "atilanganso". N'chifukwa chake olemba mbiri ambiri amaitchula nkhaniyi akamakamba za kusintha kwa Quebec kwa m'ma 1960, ngakhale ena amati zimakokomezedwa. Richard atamwalira mu 2000 anthu oposa 100,000 anakadutsa pa bokosi lake, ambiri mwa iwo oti sanamuonepo akusewera, poti anasiya mu 1960.

Apa ndi pomwenso ndamvetsa za udani. Ine ndimauona ngati chinthu chowonjezera, ndiwo za pambali, kuti umakonda timu yako kenako mwina n'kudana ndi ina. Koma ta- sangakhalepo popanda a-. Toronto ndi Montreal si zigoli chabe, ndi Chingerezi ndi Chifalansa. Quebec ndi Montreal onse achifalansa, ndiye udani unapeza pena pogwira, mzinda waung'ono ndi waukulu, mpaka mowa, poti Canadiens inali ya kampani ya mowa ya Molson pomwe Nordiques inali ya inzake ya Carling O'Keefe, mkulu uja akuti kwawo botolo lomwe wagwira limanena mbali yako. Ndipo ndinaona kuti iye akamakamba zakale sakusowa kwenikweni osewera ake ayi, akusowa kudana ndi Montreal pa zifukwa zomveka. Amadana nayobe, koma akuti sizikomanso poti iwo alibe chowabwezera.

Baseball ndiye inangogwera m'malo mwake yokha. Red Sox ya ku Boston inagulitsa katswiri wake Babe Ruth ku Yankees ya ku New York kumapeto kwa 1919, itatenga World Series, chikho chachikulu cha baseball, mu 1918, ndiye kuchoka apo zaka 86 osatenganso pomwe Yankees ikungokolola, panopa ili ndi 27. Bucky Dent 1978, mpira kudutsa pakati pa miyendo ya Buckner 1986, Aaron Boone 2003, mukaona mndandanda umenewu wa kuluza kowawa anthu a ku Boston amaunena ngati mayina a makolo pa nsembe. Mu 2004 ali kumbuyo magemu 3 kwa 0 ndi Yankees yomweyo, anawina anayi otsatizana, kenako kukasesa St. Louis n'kutenga World Series. Chomwe chandigwira mtima si zimenezo koma zomwe anthu anachita atawina, ena anapita kumanda kukaika zipewa ndi timbendera pa ziliza za makolo awo. A Chicago Cubs mu 2016, patatha zaka 108, analemba ndi choko pa khoma la bwalo lawo la Wrigley Field mayina a abale awo omwe anamwalira asanaone tsikulo. Tandiuzani, munthu wopita kumanda kukanena kuti "tawina", ta- ameneyo mwalowa osewera? Mwalowa akufa. Ndiye kulakalaka zakale kuja, komwe m'kalasi timakutenga ngati mutu wina wapadera wa sabata 9, si mutu wina ayi, ndi ta- yemweyo akuyang'ana kumbuyo. A ku Brooklyn omwe Dodgers yawo inapita ku Los Angeles itatha sizoni ya 1957, bwalo lake la Ebbets Field n'kugumulidwa mu 1960, a ku Montreal omwe amavalabe zipewa za Expos yomwe inapita ku Washington itatha 2004 ndipo amangokamba za 1994, timu ili pamwamba pa onse sitalaka n'kuthetsa sizoni, nkhani yake ndi imodzi.

Anzanga amene mukulemba za magulu a anthu, kaya mpingo kaya ndale kaya chani, ine ndikuti siyani kaye mafomu a mafunso aja a "kuyambira 1 mpaka 8 mumaikonda bwanji timu yanu", munthu amangochonga kuti mumusiye. Tengani kope, tsegulani wayilesi ya masewero pomwe anthu amaimba foni gemu ikatha, muzingolemba pomwe wanena ife ndi pomwe wanena iwo, komanso akunena ndani. Njira imeneyi siinama. Sifuna ndalama, sifuna pulogalamu ya pa kompyuta, ndipo ndikukhulupirira kuti theka la mabuku omwe atipatsa pa kosiyi likanakhala lalifupi olemba ake akanangokhala pansi n'kumvetsera. Woimba foni mmodzi amatha kuyamba ndi "tinasewera bwino chigawo choyamba", kenako "akuluakulu a timuyi akutidyera ndalama", mwaona, eni timu awatulutsa kale mu ta-, asanduka a-, chimodzimodzi ndi a Yankees kapena a Bruins. Ndikanakonda ndikanayamba izi mu Seputembala, pano ndatsala ndi masiku 9, mawu 4,000, mashifiti anayi, ndipo kunja kukumada 5 koloko isanakwane moti thupi limangofuna bulangete.

Koma pali ziwiri zomwe zikundidyabe. Red Sox itatha 2004 inawinanso 2007, 2013 ndi 2018, ndiye mwana wobadwira ku Boston mu 2000 wakula akuona zikho, ta- wake ndi yemweyo ndi wa agogo ake omwe anamangidwa ndi kuluza? Ngati ndi yemweyo ndiye kuti kuvutika kulibe ntchito yomwe ndikuipatsa mu ndime yachitatu ya pepala langa, ngati ndi wosiyana ndiye kuti zotsatira za timu zili ndi mphamvu kuposa momwe ndanenera pamwambapa, ndipo mtengo uja si mtengo chabe. Ndinawafunsa achikulire m'mawa uno kuti Leafs ikadzawina mudzatani, anakhala chete kanthawi, akuti mwina ndidzalira, kenako kaya.

Chinacho ndi cha kope langa lomwe ndalitamali. Mkulu wa chipewa uja timayankhulana Chingerezi, koma pafoni ndi abale ake ndimamumva akunena za kuluza kuti "on a perdu", ndipo "on" wa Chifalansa ameneyu amatha kukhala ife, amathanso kukhala munthu wina aliyense, ndiye ndimuika mbali iti, ya ta- kapena ya a-? Theka la zitsanzo zanga ndi za ku Quebec. Mwina ndingolemba za Toronto ndi Boston zokha, koma ndiye chipewa chija chichokamo, chonsecho ndi chomwe chinanditsegula mutu. Ndiona Lachinayi ngati angandisinthire shifiti.