Miono yathu yomwe yapha nkhasi sabata ino

Lolemba ndi Lachiwiri ntchito yathu ya kafukufuku wa nkhasi inayenda monga mwa nthawi zonse: kuvuula miono m'mphepete mwa bango, kuyeza zigoba, kuika pasikelo, kudula chizindikiro pachigoba ndi tupa, kubwezera m'madzi. Zambiri zinali za mtundu wa Pelusios sinuatus, zija za manomano kumbuyo kwa chigoba, ndipo zinatipaka fungo lawo lija mpaka sopo kugonja. Zazikazi zingapo titazigwira kutsogolo kwa miyendo yakumbuyo tinamva mazira.

Lachitatu m'mawa tinapeza boti palibe. Akuti lanyamula alendo a ku ofesi kukaona nyanja, ndi mafuta omwe tinasainira ife. Ndinaimba foni. "Bwana, miono ili m'madzi, siyenera kupitirira maola 24 osaiona." Yankho lake: "Mukaona mawa, akulu. Si zam'madzi zomwezo?"

Munthu woyang'anira ntchito ya nkhasi osadziwa kuti nkhasi imapuma ndi mapapo! Imatha kukwiririka m'matope chilimwe chonse dambo likauma, inde, koma pamenepo mpweya imaupeza ndipo thupi limakhala lili phee. Mumono womira imaphiriphitha kufuna potulukira, mpweya n'kutha msanga. N'chifukwa chake timasiya msana wa mono pamwamba pa madzi. Zoyandamitsa zenizeni tinapempha kalekale. Tikumangirirabe mabotolo apulasitiki.

Usiku umenewo kunawomba mphepo yamphamvu. Mafunde anadula mabotolo n'kukokera miono iwiri pakuya. Titafika Lachinayi tinaivuula ili lemerere. Nkhasi yamoyo ukaigwira imapinda khosi cham'mbali n'kutseka chigoba cham'munsi kutsogolo kuti phwa. Izi makosi anali lende. Tinazipendeketsa mitu pansi kuti madzi atuluke, kupinda ndi kuwongola miyendo yakutsogolo, imodzi yokha ndiyo inatsitsimuka. Pa zakufazo panali yaikazi yaikulu ya chizindikiro chakale, yodzadza mazira. Nyama yotere imatenga zaka zambiri kuti iyambe kuikira, ndipo zisa zambiri ng'azi zimafukula ana asanaswe. Timadzudzula asodzi kuti maukonde awo akumiza nkhasi. Mawa tikawauza chiyani?

Lachisanu ndinangokhalira kulemba lipoti. Bwana anandipempha kuti ndilembe kuti chinavuta ndi nyengo. Ndalemba mphepo, ndalembanso kumene boti linali komanso ola lomwe ndinaimba foni. Miono yonse ndaizula, ndipo sibwerera m'madzi mpaka boti ndi mafuta ake zikhale m'manja mwathu.