Zimene andiphunzitsa mafani okwiya ndi episodi ya Orison

Masabata atatu apitawa ndakhala ndikulimbana ndi asainimenti ya kalasi yathu yolemba masewero ndiye ndati ndilembe pano mutu usanazizire. Aphunzitsi anatiuza kuti aliyense asankhe sewero la pa TV limene linabweretsanso munthu wakale mu episodi ina patapita nthawi, kenako tifufuze mmene owonera anailandilira, osati maganizo athu ayi koma a owonerawo. Anzanga ambiri anathamangira zatsopano, ine ndinatenga The X-Files chifukwa ndinkaiwonera ndili mwana pa ma DVD a malume anga, nthawi imeneyo Chingerezi chake sindinkachimva bwinobwino koma mantha okha ndinkawamva ndithu.

Kwa amene simukuidziwa, ndi sewero la ku America limene analiyambitsa Chris Carter, linayamba kuonetsedwa pa kanema wa Fox mu September 1993. Muli anthu awiri a FBI, bungwe lofufuza milandu ku America, Fox Mulder amene amakhulupirira za mizimu ndi zachilendo zonse, ndi Dana Scully amene ndi dokotala ndipo amafuna umboni pa chilichonse ngakhale pakhosi pake pamakhala kamtanda. Kamtanda kameneka kasungeni m'maganizo.

Episodi yoyamba pa ziwiri zimene ndinasankha ndi Irresistible, ya mu sizoni 2, inatuluka mu January 1995 ndipo anailemba ndi Carter yemweyo. Muli mkulu wina dzina lake Donnie Pfaster, ankagwira ntchito pamalo okonzera maliro ku Minneapolis ndiye anamupeza atameta tsitsi la mtsikana womwalira, anamuchotsa ntchito. Munthuyu amatolera tsitsi ndi zikhadabo za akazi akufa, kenako za akufa zaleka kumukwanira wayamba kupha yekha. Chimene chinandigwira poiwoneranso ndi mmene Nick Chinlund anasewerera mbali ya Pfaster, munthu wofatsa, woyankhula pang'onopang'ono mwaulemu, malaya opisira bwinobwino, wapeza ntchito ina yoperekera zakudya za mufiriji m'makomo ndipo mayi wa panyumba akumulola kulowa kubafa osaganiza kanthu. Palibe mapiko, palibe nyanga. Pali malo ochepa pamene nkhope yake imaoneka ngati chiwanda, makamaka pamene wagwira Scully ndi kumutsekera m'nyumba ya malemu mayi a Pfaster yemweyo, koma sewero silikuuza ngati ndi zoona kapena ndi mantha a woonayo. Pamapeto Scully apulumutsidwa, akunena kuti ali bwino, Mulder angomutukula chibwano pang'ono basi mkaziyo ayamba kulira. Ndinaimitsa laputopu pamenepo kwa kanthawi.

Ndiye panapita zaka 5. Mu January 2000, sizoni 7, anatulutsa Orison, yolemba Chip Johannessen, wotsogolera Rob Bowman. Pfaster ali kundende ku Marion, Illinois, athawa mothandizidwa ndi m'busa wa kundendeko Reverend Orison, amene anasewera ndi Scott Wilson, m'busayo ali ndi mphamvu yogoneka anthu maganizo ndipo cholinga chake nchakuti akaidi oipitsitsa awatulutse akawaweruze yekha. Koma atamutengera Pfaster kuthengo kuti akamuphe, Pfaster asanduka chiwanda pamaso pake ndipo apha m'busayo. Kenako Pfaster apita kunyumba kwa Scully, amumanga, ayamba kutsira madzi m'bafa monga amachitira ndi onse amene akufuna kuwapha. Scully adzimasula, Mulder afika ndi mfuti m'manja atamuloza kale munthuyo, apo zinali zitatha, koma Scully atulukira ndi mfuti yake ndi kumuwombera Pfaster. Pambuyo pake akhala pabedi akudzifunsa kuti chimene chinamukankha kuti awombere chinali chiyani, Mulungu kapena china chake.

Apa mpamene ntchito yanga yeniyeni inayambira, kuwerenga zimene mafani ndi olemba ndemanga akhala akunena za episodi imeneyi. Mafani a seweroli amadzitcha X-Philes ndipo anali m'gulu la oyamba kukangana za TV pa intaneti m'ma 1990, ngakhale mawu oti shipper, munthu wofuna kuti anthu awiri a m'sewero akhale pachibwenzi, anatchukira kwa iwowa. Ndiye kulemba amalemba zedi, ena ndime khumi pa sini imodzi. Poyamba ndinkangoona ngati phokoso, ndinalemba m'kope mwanga kuti ena anaikonda ena sanaikonde, ndikupita nazo kwa aphunzitsi. Anawerenga, anandibwezera kope nkundifunsa kuti, amene sanaikondewo akuti awalanda chiyani? Funso limeneli linandisowetsa tulo, ndinabwerera nkuyambanso kuwerenga zonse ndi pensulo m'manja.

Nditawerenga kachiwiri ndinaona kuti madandaulo akulu ndi awiri ndipo sakufanana. Loyamba ndi la chiwanda. Anthu amene anakonda Irresistible anaikonda chifukwa m'sewero lodzaza ndi zolengedwa zachilendo, choopsa kwambiri chinali munthu wamba, woti ukhoza kukhala naye mpando umodzi m'kalasi yamadzulo, ndipo Pfaster analidi m'kalasi yotero mu episodiyo. Funso loti kodi ndi chiwanda kapena ndi munthu linasiyidwa m'manja mwa owonera, analisunga zaka 5, aliyense ali ndi yankho lake mumtima. Orison itabwera inangoti nachi chiwanda, onani. Kwa iwowo kunali ngati munthu wakubwereka khasu, walima nalo mpaka mpini wazolowera dzanja lako, kenako abwera kudzalitenga munda uli pakati. Komanso akati ndi chiwanda ndiye kuti munthu wachotsedwa mlandu, ife tonse tapuma, poti zoipazo si za mtundu wathu.

Lachiwiri ndi la mfuti ija, ndipo apa mafani anagawanika kwenikweni. Ena amati Scully amene amamudziwa, wa malamulo, wa kamtanda, sangaphe munthu woti wagwidwa kale, ndiye olemba anamuipitsa kuti apeze mathero ogwedeza ndipo chowawa kwambiri nchakuti ma episodi otsatira anangopitirira ngati sipanachitike kanthu. Ena amati ayi, mkaziyu wagwidwa kawiri ndi munthu yemweyo, kachiwiri m'nyumba mwake momwe, wamenyedwa, wamangidwa, mukufuna akhale mwala? Kwa amenewa kuwomberako kunali koyamba kuti Scully asadikire kupulumutsidwa ndi Mulder. Ine ndinayamba ndili ndi gulu loyamba koma pano ndili pakati, kuwomberako ndikukumvetsa, chimene sindikugwirizana nacho ndi kubweretsa funso la Mulungu ndi Satana pamapeto, chifukwa likuchita kwa Scully zomwezo zimene anachita kwa Pfaster, kumuchotsera chochita chake m'manja nkuchipereka kwa mizimu. Bwenzi atangonena kuti ndinafuna afe, ikanakhala nkhani yolemera kwambiri.

Kuti ndione ngati vuto ndi kubwereza kokhako, ndinawoneranso zina ziwiri za sizoni 1, Squeeze ya September 1993 ndi Tooms ya April 1994, zonse zolemba Glen Morgan ndi James Wong. Eugene Tooms ndi uja amadzipanikiza kulowa m'timipata ting'onoting'ono, amadya ziwindi za anthu 5 kenako kukagona zaka 30. Yachiwiriyi anthu amaikumbukira bwino, ndi momwenso Walter Skinner, bwana wa Mulder ndi Scully, anaonekera koyamba. Kusiyana kwake ndakuona, Tooms sanamusinthe chimene ali, anangosintha malo, tsopano watulutsidwa mwalamulo ndipo Mulder akanena zoona pamaso pa oweruza akuoneka wamisala. Palibe chimene owonera analandidwa.

Chinthu china chinachitika kuhositelo chimene sindinachikonze. Mnzanga wa chipinda chimodzi, munthu wa kwaya, anandipeza ndikuwonera Orison usiku ndi ma hedifoni, anakoka mpando ndiye ndinachotsa ma hedifoniwo tiwonere limodzi. Iyeyo Irresistible sanaiwonepo. Pamene Pfaster amasanduka kuthengo kuja anangoti eya, ndimadziwa ine, ndipo itatha anati yabwino kwabasi. Nditamufotokozera kuti anthu anakwiya nazo anadabwa, akuti chiwanda ndi chiwanda asisi, nanga vuto lili pati? Mawa lake ndinamuonetsa yoyamba ija. Anakhala chete nthawi yonse manja ali pakamwa, itatha anapita kukayang'ana ngati chitseko takhoma, ndipo anati iyi yokha sadzaiwoneranso chifukwa mkuluyo akufanana ndi anthu amene amawadziwa. Yachiwanda anagona bwinobwino, ya munthu ndi imene inamudzutsa kukagwira loko. Zimenezi ndinazilemba mu asainimenti momwe zinachitikira.

Ndiye zafika pa sewero langa. Temu ino tikuyenera kupereka sikiliputi ya mphindi 15, yanga ndi ya mtsikana wamasiye amene akuleredwa ndi atsibweni ake, munthu wolemekezeka pamudzi, woyamba kufika pamaliro alionse, koma mtsikanayo akamva mapazi awo usiku thupi limachita tsembwe. Mu drafti yoyamba tsamba lomaliza ndinaulula kuti atsibweniwo ndi mfiti, anawapeza ndi lichero kumanda mbandakucha. Ndinkaona ngati ndi mathero amphamvu poti ndi momwe nkhani zambiri zimene ndinakula ndikumva zimathera, wina aululidwa, mudzi upuma. Nditabwerera ku tsambalo ndili ndi madandaulo a mafani aja m'mutu ndinachita manyazi ndi mtsikana wanga, chifukwa ndi lichero limenelo ndinawapatsa atsibweni pothawira, ndipo zimene ankamuchita mwanayo masana dzuwa likuswa mtengo, kumumana chakudya, kugulitsa munda wa mayi ake, kumuyankhula mokoma pagulu, zonse zinasanduka zazing'ono. Komanso tikudziwa tonse zimene zimachitikira agogo m'midzi akangolozedwa chala kuti ndi mfiti, sindikufuna dzina langa likhale pa sewero lowonjezera nkhuni pamoto umenewo.

Tsambalo ndalichotsa. Pano sewero likuthera pakhonde, atsibweni akusenda chinangwa ndi kampeni, aitana mtsikanayo ndi dzina la malemu mayi ake nkumuuza kuti akhale pafupi, iye ayima pomwepo ndi ndowa pamutu madzi akudontha. Aphunzitsi sanaione, ndikapereka Lachisanu, ndipo mnzanga wa kwaya uja wavomera kuwerenga mbali ya mtsikanayo tikamayeserera mawa madzulo.