Sabata imene ndinaperekeza ophunzira za mano ku Bangwe

Sabata yathayi ndinapatsidwa ntchito yoperekeza ophunzira 8 a udokotala wa mano kusukulu ina ya pulayimale ku Bangwe, kumene anayenera kuphunzira uku akutumikira anthu. Maphunziro amenewa ndi atsopano m'dziko muno, chifukwa anayamba m'chaka cha 2019 kuno ku Blantyre, ku College of Medicine imene lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Kale wofuna udokotala wa mano ankakaphunzira kunja, ndipo ntchito yambiri m'zipatala za m'maboma inali m'manja mwa ife amene tinaphunzira za mano ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe.

Lolemba m'mawa tili m'galimoto, mafunso a ophunzirawo anali awiri okha: ngati ulendowu uli ndi malikisi, ndiponso nthawi yobwerera. Sindinawaone kulakwa, popeza munthu amene mayeso ali pakhosi amayeza chilichonse ndi mayesowo. Titalonjerana ndi a hedi, alangizi a zaumoyo ndi komiti ya makolo, mnyamata wina anaima kutsogolo kwa ana a Sitandade 5 n'kuyamba kufotokoza za kuwola kwa mano m'Chichewa chodzaza ndi mawu a m'mabuku ake, anawo n'kumangovomera pamodzi kuti "Eee!" monga anazolowera. Atanena kuti mswachi uzisinthidwa miyezi 3 iliyonse, mwana wina anakweza mkono n'kufunsa kuti, "Nanga ife amene timatsuka ndi chala ndi mchere, tisinthe chiyani?" Kalasi yonse inaseka, koma mnyamatayo sanaseke, ndipo pobwerera sanayankhule ndi munthu.

Lachiwiri tinayamba kuona m'kamwa mwa ana pakhonde la kalasi, ndi tochi, magolovesi ndi tigalasi tating'ono. Kusukulu kulibe mpando wa kuchipatala kapena makina obowolera, choncho mano obooka pang'ono timawamata ndi njira yotchedwa Atraumatic Restorative Treatment (ART), imene inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980: powola timapapala ndi zida zamanja, kenaka timamatapo glass ionomer, mankhwala amene amagwira dzino ndipo amatulutsa fluoride, amene amateteza mano kuti asawole, pang'onopang'ono. Ophunzira ena anaiona njirayi ngati yachikale, ndipo nkhope zawo sizinabise.

Tsiku limene ndikufuna kulifotokoza bwino ndi Lachitatu. Kunabwera agogo ena ndi mdzukulu wawo wa zaka 7, amene dzino lake lakumapeto, m'chibwano cham'munsi, linali ndi bowo lakuda. "Adokotala, ingozulani, limera lina," anatero agogowo. Wophunzira wamkazi amene anawalandira anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali mwadala. Anagwada pafupi ndi agogowo, natsegula kamwa la mwanayo n'kuwaonetsa kuti, "Agogo, ili si dzino laubwana ayi. Limamera mwana akafika zaka 6, kumbuyo kwa enawa, popanda lina kuguluka, n'chifukwa chake ambiri amalisokoneza. Likachoka, silimeranso." Agogowo anamvetsa, koma anayankha kuti kumata kumafuna kupita ku chipatala chachikulu cha Gulupu, minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwera, pamene tomato wawo akuwola pabenchi, kuzula ndi kamodzi basi. Apa m'pamene wophunzirayo anazindikira kuti zimene m'kalasi amazitcha umbuli nthawi zambiri zimakhala masamu a ndalama ya thiransipoti, ndipo masamuwo agogowo anawachita bwino. Mwamwayi kuwolako kunali kusanafike pa mtsempha, choncho analimata pomwepo. Anatenga nthawi yaitali kuposa yoyenera, thukuta lili kamukamu, koma analimata bwino.

Lachinayi tinapitiriza ntchito yomweyo, ndipo madzulo aliyense analemba zimene waona ndi zimene zamuvuta. Kulemba kumeneku ndimakutenga kukhala kofunika mofanana ndi kumata mano, chifukwa popanda iko ulendo wotere umangosanduka kokajambulitsa zithunzi ndi ana. Sindinganame kuti onse anasintha. Awiri analemba mawu okoma amene akanatha kuwalemba asanachoke n'komwe m'tauni, ndipo mmodzi ananena poyera kuti akadzamaliza akufuna kudzatsegula chipatala chakechake, zimene sindikuziona choipa. Koma mnyamata wa Lolemba uja analemba kuti anachita manyazi, ndipo anapempha kubwereranso m'kalasi muja. Ulendo uno sanatchule za miyezi 3. Anafunsa kaye anawo zimene amagula pa buleki, iwo n'kutchula masiwiti, mafilizesi ndi mabisiketi, kenaka anawauza kuti shuga wodya pafupipafupi tsiku lonse ndiye amawononga mano kwambiri, ndi kuti mankhwala otsukira mano a fluoride, ngakhale ochepa ngati nsawawa, amakwanira, bola atsuke kawiri patsiku ndi kulavula osachukucha ndi madzi.

Lachisanu tinalemba m'mabuku a kuchipatala a ana amene mano awo anali atawola kwambiri, kuti akaonedwe ku Gulupu. Tikulongedza, wophunzira wamkazi uja anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga tidziwa bwanji kuti anawa apitadi?" Funso limeneli silinali pa pepala la malikisi, ndipo ine ndinalibe yankho lokonzeratu. Anakhala pansi ndi alangizi a zaumoyo, nagawana mayina a anawo molingana ndi madera awo, n'kugwirizana zoti adzaimbirane foni kumapeto kwa mwezi. Ali mkati molemba, agogo a Lachitatu aja anatulukira ndi mdzukulu wina wamkulupo, moti tinatsitsanso bokosi la zida limene linali litakwezedwa kale m'galimoto.