Timabogi ta patebulo ndi mabogi enieni amene akuchoka panjanji

Kuno ku Mzuzu kulibe njanji, ndipo chiyambire sitima ya pamtunda sinafikeko kuchigawo cha kumpoto. Njanji yoyamba ya dziko lino inatsegulidwa mu 1908 pakati pa Nsanje ndi Blantyre, inafika ku Salima mu 1935, ndipo atayambiranso kuimanga patapita zaka zambiri inakhotera kumadzulo, kulowera ku Lilongwe ndi ku Mchinji. Kwa munthu wa ku Chibavi kapena ku Luwinga, sitima ya apaulendo ndi chinthu chimene amakachiona ku Limbe, ku Balaka, kapena ku Mbeya akapita kokaoda katundu. Mwina n'chifukwa chake alendo amene amalowa m'nyumba mwanga amayamba aima kaye akaona thabwa lalikulu lokhala ndi kanjanji kozungulira, ndi timabogi tandandalika pamenepo.

Timabogi timeneti si zidole wamba zongoseweretsa ana, ngakhale kuti tina ndinatipeza m'milu ya zidole za kaunjika, pamene tina ananditumizira ndi mphwanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Kalikonse kanapangidwa motsatira bogi lenileni, pochepetsa miyeso yake yonse mofanana. Pa muyeso wotchedwa HO, chinthu chimachepetsedwa maulendo 87, pamene pa muyeso wa OO, umene amaukonda ku Britain, chimachepetsedwa maulendo 76, koma miyeso iwiriyi imagwiritsa ntchito kanjanji kofanana, kotambalala mamilimita 16.5. Kamene ndimakakonda kwambiri ndi kabogi ka mtundu wa Mark 3 wa ku Britain, kopangidwa ndi kampani ya Hornby pa muyeso wa OO. Bogi lenileni la mtunduwu ndi lotalika mamita 23, choncho kanga n'kotalika pafupifupi masentimita 30, ndipo ukayang'ana pazenera umaona timipando ndi timatebulo, ngakhalenso kachogwirira kachitseko kamene anakaumba kunja kokha.

Kachogwirira kameneko kali ndi nkhani yake. Mabogi a Mark 3 ndiwo ankakokedwa pa sitima zothamanga za InterCity 125, zimene zinayamba kunyamula anthu mu 1976, ndipo munthu akafuna kutsika ankatsitsa galasi la pachitseko, n'kutulutsa mkono kuti atsegule chakunja. Zimbudzi zake zinkatayira zonyansa panjanji pomwepo. Zinthu ziwirizi, pamodzi ndi lamulo loti sitima zonse zikhale zosavuta kukwera kwa anthu olumala pofika kumayambiriro kwa 2020, ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti mabogiwa achotsedwe pa maulendo ambiri ngakhale kuti zitsulo zake zinali zikadali zolimba. Mu 2019 anasiya kuyenda pa maulendo akuluakulu ochokera ku Paddington ndi ku King's Cross mumzinda wa London, ndipo m'malo mwake munalowa sitima zatsopano za kampani ya Hitachi. Ena anakonzedwa, n'kuikidwa zitseko zotseguka ndi batani kuti apitirize ntchito ku Scotland, ena anagulitsidwa ku Mexico ndi ku Nigeria, ndipo ambiri anadulidwa n'kusanduka zitsulo zokasungunula. Kabogi kanga kakuonetsabe mmene analili asanawasinthe.

Kusinthaku n'kwakukulu kuposa penti yatsopano. Sitima yakale inali mutu umodzi wokoka mabogi amene ankatha kuwonjezedwa kapena kuchotsedwa malinga ndi kuchuluka kwa anthu tsikulo, pamene sitima zambiri zamakono ndi mndandanda womangidwa pamodzi, wokhala ndi mainjini pansi pa mabogi omwewo, ndipo sungachotsepo bogi limodzi pasiteshoni mwachisawawa. Anzathu a ku Tanzania aziona kale zimenezi, chifukwa mu 2024 anatsegula njanji yamagetsi yochokera ku Dar es Salaam kupita ku Morogoro ndi ku Dodoma, yotambalala mamilimita 1,435, ndipo zina mwa sitima zake ndi za mtundu womangidwa pamodziwu, zochokera ku kampani ya Hyundai Rotem ya ku South Korea. Pa njanji ya TAZARA, imene imadutsa ku Mbeya pa ulendo wa makilomita 1,860 wochokera ku Dar es Salaam kupita ku Kapiri Mposhi ku Zambia, sitima ikadali ya mutu ndi mabogi, ngakhale kuti nakonso kunabwera mabogi atsopano ochokera ku China. Dziko la Botswana linabwezeretsa sitima ya apaulendo mu 2016 ndi mabogi opangidwa ndi Transnet Engineering ku South Africa. Ine sindidandaula ndi kusinthaku. Munthu amene wanyamula mwana kumsana ayenera kupeza chitseko chosavuta, mpando wabwino ndi chimbudzi chaukhondo, ndipo wokonda timabogi asafune kuti anthu azivutika m'mabogi okalamba pofuna kuti iye aziona zimene anazolowera.

Chimene chimandivutitsa maganizo n'chakuti bogi la ku Britain likachoka panjanji limasiya zojambula za miyeso yake, zithunzi zambirimbiri, mabogi angapo osungidwa, ndi timabogi tofanana nalo m'nyumba za anthu, mpaka kena kafika ku Mzuzu m'belo la kaunjika. Bogi la kwathu likachoka limangochoka basi. Sindinaonepo kabogi kogulitsidwa m'sitolo kokhala ndi dzina la Malawi Railways, kapena la Central East African Railways imene inatenga njanjiyi mu 1999. Tapafupi timene munthu angapeze ndi ta ku South Africa, timene kampani ya Lima ya ku Italy inkapanga kale, ndipo mphwanga anandipezera tingapo tokalikakalika m'mbali.

Ngakhale timeneto tili ndi vuto lake. Njanji yathu, monga ya ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, ndi yotambalala mamilimita 1,067, ndipo ukaichepetsa maulendo 87 imatsala mamilimita 12 ndi pang'ono. Timabogi ta Lima timayenda pa kanjanji ka mamilimita 16.5, choncho mawilo ake ndi otalikirana kwambiri, ndipo maonekedwe a sitima ya kuno, ya thupi lalikulu loima pa njanji yopapatiza, amasowa. Okonda zimenezi ku New Zealand, kumene njanji ndi yofanana ndi yathu, anapeza njira yabwino: amasiya kanjanji ka 16.5 momwemo koma amapanga timabogi tochepetsedwa maulendo 64, chifukwa 1,067 ukaigawa ndi 64 imakupatsa pafupifupi 16.7. Njira imeneyi ndi imene ndasankha popanga kabogi ka sitima ya kwathu, popeza imandilola kugwiritsa ntchito mawilo ndi kanjanji kamene ndili nako kale, n'kupanga ndekha thupi lokha.

Ntchitoyo ikuyenda pang'onopang'ono. Ndimadula mbali za kabogi pa katoni yolimba, mawindo ndimaika pulasitiki woonekera wa m'mapaketi a malaya, ndipo denga ndimalipinda pa chidutswa cha paipi ya madzi kuti likhote mofanana. Chinyontho cha kuno ndi mdani wamkulu, makamaka m'miyezi ya mvula yamawawa, chifukwa katoni imapindika usiku umodzi wokha ngati sunaipake vanishi mbali zonse ziwiri, ndipo kanjanji kamachita litsiro lakuda loletsa magetsi kufika ku kainjini. Ana a oyandikana nawo nyumba, amene amapanga magalimoto a waya okhala ndi chiwongolero chogwira ntchito, amaimvetsa ntchitoyi msanga kuposa akuluakulu, ndipo mmodzi wa iwo ndiye anandipindira waya wa timasitepe tokwerera.

Pamene ndaima ndi pa miyeso. Ndili mnyamata ndinakwerapo sitima kuchokera ku Limbe kupita ku Balaka, ndipo ndimakumbukira bwino amayi ogulitsa nthochi ndi nzimbe akukweza malichero kufikitsa pazenera, matumba a chimanga ataunjikidwa pakhomo, ndi kugwedezeka kwa bogi potsika mapiri kulowera ku chigwa cha Shire. Koma zimenezi sizindiuza kuti mawindo anali angati mbali imodzi, kapena kuti chitseko chinali kumapeto kapena pakati. Kumalo osungirako zinthu zakale ku Chichiri munthu amatha kuona mutu wa sitima yamalasha, ndipo n'zoyamikirika kuti unasungidwa, koma anthu ambiri sanakwerepo m'mutu wa sitima. Amene ankapita kusukulu, kuchipatala, kumaliro kapena kukafuna ntchito ankakhala m'mabogi, ndipo m'maganizo mwanga mabogiwo ndiwo ayenera kuyamba kukumbukiridwa tsiku limene atsopano afika.

Choncho ndikupempha owerenga amene makolo awo anagwirapo ntchito kunjanji, kapena amene ali ndi zithunzi zakale za pasiteshoni ya Limbe, Balaka, Liwonde kapena Salima, kuti aziyang'anenso. Chithunzi chothandiza kwambiri ndi chojambulidwa chakumbali, choonetsa bogi lonse kuchokera kumapeto kufika kumapeto, chifukwa pamenepo ndingawerenge mawindo ndi kuyerekeza kutalika kwake. Ngati pachithunzipo paima munthu pafupi ndi chitseko, n'zabwino koposa, popeza msinkhu wake umandipatsa poyambira. Amene amakhala pafupi ndi siteshoni ndipo angathe kupempha chilolezo kwa oyang'anira, ndikufuna miyeso inayi yokha: kutalika kwa thupi la bogi, kutambalala kwake, kutalika kuchokera panjanji kufika padenga, ndi mtunda wa pakati pa magulu awiri a mawilo. Ndikufunanso kudziwa mitundu ya penti ya m'zaka za m'ma 1980, chifukwa mbali ziwiri za kabogi kanga ndadula kale koma sindinazipente.