Ufa, mavoti ndi kontena yathu yomwe inagonera panyanja

Golosale yathu ili m'dera la DeKalb, chakum'mawa kwa Atlanta m'chigawo cha Georgia ku America, kufupi ndi katauni ka Clarkston komwe munthu ukangoyenda pang'ono umamva zilankhulo zosawerengeka. Tinaitsegula mu 2017, ine ndi bambo akunyumba. Mpamba sunachokere kubanki ayi. Unachokera ku chipereganyu cha amayi amene tinkagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba, kumasinthana mashifiti ausiku. Itafika nthawi yanga yolandira, ndinaphatikiza ndi kangachepe komwe bambo anasunga poyendetsa thiraki, n'kulipira lendi ya miyezi itatu ya kachipinda komwe kale munali wometa tsitsi. Magalasi ake akadali pakhoma mpaka lero, ndipo amathandiza: katundu akachepa amaoneka ngati wambiri.

Amalawi kuno ndife ochepa, sitingadyetse bizinesi. Amene amatisunga ndi onse odya nsima m'maina ake osiyanasiyana: a ku Zambia, a ku Zimbabwe ndi sadza yawo, a ku Congo, a ku Burundi, a ku Kenya. Timagulitsa ufa woyera, usipa, matemba, mpunga wa kilombero, nyemba, nsinjiro, tsabola wa Nali. Loweruka ndimaphika, anthu n'kumagula nsima ya m'mbale.

Katundu ankabwera kawiri pachaka. Achimwene anga ku Blantyre ankapikula usipa ku Mangochi, mpunga ku Karonga, n'kukweza pa thiraki yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge mpaka Johannesburg. Kumeneko tinkawonjezera matumba a ufa, n'kugawana kontena imodzi ndi mzimayi wina wa ku Zimbabwe amene ali ndi shopu ngati yathu. Kontena inkakwera sitima ku Durban n'kudzatsikira ku Savannah, ulendo wa maola anayi pa galimoto kuchokera kuno. Miyezi iwiri ikakwana, katundu ali pa shelufu. Zinayenda choncho zaka zitatu, ife n'kumaona ngati tazidziwa.

Chaka cha 2021 chinatiphunzitsa kuti sitinadziwe kanthu.

Ndiyambe ndi za mavoti, chifukwa ndi zomwe zinayamba kulowa pakhomo pathu. Ine ndinavota koyamba kuno mu Okutobala 2020, nditangokhala nzika. Ndinaima pamzere maola anayi, ndipo kwina anthu anaima kuposa pamenepo. Achinyamata ena ankadutsa ndi mabotolo a madzi n'kumagawira aliyense, osafunsa chipani. Biden anapambana Georgia ndi mavoti osakwana 12,000, kenako mu Januwale Raphael Warnock ndi Jon Ossoff a chipani cha Democrat anatenga mipando yonse iwiri ya Georgia m'nyumba ya malamulo ya Senate. Pa 25 Malichi 2021, bwanamkubwa Brian Kemp wa chipani cha Republican anasaina lamulo latsopano la zisankho, lotchedwa SB 202. Wovota kudzera pa positi azilemba nambala ya chiphaso. Mabokosi oponyamo mavoti a pa positiwo achepe, azikhala m'kati mwa nyumba zovotera. M'madera anayi akuluakulu ozungulira Atlanta anachoka pa 94 kufika pa 23. Chisankho chachibwereza chizichitika pakatha milungu inayi, osati isanu ndi inayi. Ndipo kupatsa munthu madzi kapena chakudya ali pamzere wovota kunasanduka mlandu. A Republican ankati akutseka mipata ya chinyengo, n'kumaloza kuti lamulo lomwelo lawonjezera Loweruka lachiwiri la kuvota msanga. A Democrat ankati Jim Crow, dzina la malamulo akale osala anthu akuda, wabweranso atavala suti.

Bambo akunyumba sanaone vuto. "Amayi, kwathu mu 2019 tinalembetsa ndi chiphaso cha unzika, dziko losauka ngati lija. Nanga kuno chiphaso chikhala bwanji nkhanza?" Ine pa za chiphaso ndinkagwirizana nawo. Za madzi ndi zimene zinandikhala pakhosi, chifukwa botolo lija ndinamwa ndine.

Anatisokoneza maganizo ndi agogo ena, munthu wakuda wobadwira konkuno ku Georgia, amene amabwera Lachisanu lililonse kudzagula therere ndi nyemba. Tsiku lina anamvetsera bambo akulankhula mpaka anamaliza, kenako anati, "Mwana wanga, bambo anga anavota koyamba ali ndi zaka zopitirira 40, lamulo la 1965 loteteza ufulu wovota litadutsa. Palibe tsiku limene anauzidwa kuti wakuda savota. Ankangouzidwa kuti lipirani kamsonkho aka, werengani ndime iyi, ofesi yatsekedwa bwerani mawa. Ndiye mukandiuza kuti ndi kachiphaso chabe, kabokosi chabe, ine ndimamva mawu amene ndinawamvapo kale." Bambo sanasinthe maganizo, koma kuyambira tsiku limenelo ankatsitsa mawu agogowo akalowa.

Zikanathera pa mkangano wa pa kauntala bwenzi zili bwino. Koma ndale za kuno zimalowa mpaka m'furiji. Poyamba kunabwera mnyamata wa kutchalitchi china ndi timapepala, kutipempha tichotse Coca-Cola chifukwa kampaniyo, yomwe likulu lake lili mu Atlanta momwemuno, inakhala chete lamulo likudutsa. Pasanathe milungu iwiri akuluakulu a Coca-Cola ndi a ndege za Delta anadzudzula lamulolo poyera, Trump n'kuuza anthu ake kuti anyanyale makampani onsewo. Kunabweranso bambo wina, mnzawo wa bambo akunyumba pa mathiraki, kudzanditsina khutu kuti ndichotse chakumwa chomwecho. Botolo limodzi, milandu iwiri. Ndinawayankha onse mofanana, kuti furiji ndinagula pa ngongole ndipo imabweza ngongoleyo ndi Fanta.

Chimene chinatiluma zenizeni chinali mpira wa baseball, masewera amene mpaka lero sindimvetsa malamulo ake. Masewera a akatswiri, All-Star Game, amayenera kuchitikira ku Truist Park m'dera la Cobb mu Julayi. Mayi wina wophikira maphwando anali atatilonjeza ntchito ya mlungu wathunthu: mandasi, samusa, nkhuku yootcha, mpunga, za alendo a m'mahotela. Panalibe chosainirana, kunali kungogwirana chanza. Ine ndi chimwemwe ndinakatenga pa ngongole mathireyi otenthetsera chakudya ndi chitofu chachiwiri. Pa 2 Epulo akuluakulu a baseball analengeza kuti masewerawo achoka ku Georgia chifukwa cha lamulo lija, ndipo anakachitikira ku Denver. A zokopa alendo ku Cobb ankati dera lataya madola 100 miliyoni, akatswiri a zachuma n'kumati chiwerengerocho n'chokokomeza. Ine sindinalowe nawo mkanganowo. Changa ndinkachidziwa mpaka senti, chinali pa risiti.

Bambo anapsa mtima ndi a Democrat. Ndinawakumbutsa kuti ngakhale Stacey Abrams, mtsogoleri wa a Democrat kuno ku Georgia, amene ankalimbana ndi lamulolo kuposa wina aliyense, anapempha kuti anthu asanyanyale Georgia chifukwa ovutika akhala antchito wamba. Iwo anangoti, "Amene anayatsa tchire asadabwe mbewa zikapsa ndi mchira womwe." Sindinawatsutse, ngakhale mumtima ndinkati tchirelo anayamba kuyatsa ndi amene analemba lamulo.

Tsono kontena.

Tinalongedza kumapeto kwa Juni. Mu Julayi, Jacob Zuma atatsekeredwa, ku KwaZulu-Natal kunabuka zipolowe, msewu wa N3 wopita ku Durban unatsekedwa, mathiraki kuwotchedwa. Yathu inapulumuka, inali isananyamuke ku Johannesburg. Zipolowe zitangozizira, akuba a pa intaneti analowerera makompyuta a madoko a ku South Africa, ntchito n'kumayendera mapepala. Kontena inakwera sitima Ogasiti akutha, pa mtengo woposa kawiri umene tinazolowera, ndipo otitumizira katundu ankati tithokoze kuti malo apezeka, chifukwa ochokera ku Asia ankalipira mpaka madola 20,000 pa kontena imodzi. Mu Okutobala sitima inafika kunja kwa Savannah, n'kuima. Zinali sitima zoposa 20 zitaponya nangula, zikudikira malo. Padoko penipeni makontena anali ataunjikana pafupifupi 80,000.

Apa bambo ankadziwa zambiri kuposa a pa TV, chifukwa msewu wa I-16 wopita ku Savannah ndi munda wawo. Ankafotokoza kuti anthu atatsekeredwa m'nyumba ndi Covid anasiya kuwononga ndalama pa maulendo ndi malo odyera, n'kuyamba kuoda mipando, njinga, ma TV. Katundu anabwera wambiri kuposa mmene madoko angamezere. Nyumba zosungira katundu zinadzaza, ndiye eni ake ankasiya makontena padoko milungu. Kontena ikakhala pa chassis, ngolo yachitsulo imene thiraki imakoka, ngoloyo siibwerera, ndipo dalaivala amafika padoko n'kupeza katundu alipo koma pomunyamulira palibe. Iwo eni ankatha tsiku lonse pamzere chifukwa cha ulendo umodzi. Zonsezi ankazilongosola bwinobwino patebulo usiku. Koma kukacha, mnzawo akalowa m'shopu n'kuloza mashelufu kuti "Mwamuona Biden wanu?", ankangovomera ndi mutu. Zimenezo zinkandinyansa kwambiri.

Enanso a mbali inayo ankanditopetsa. Ukadandaula kuti ufa kulibe, mafuta ophikira akwera, ankakuyang'ana ngati wagulitsa mtundu, ngati kutchula shelufu yopanda kanthu n'kuvotera Kemp. Mu Januwale 2022 Biden anabwera ku Atlanta kudzalankhula za ufulu wovota, mlungu womwewo pa Twitter patadzaza zithunzi za mashelufu opanda kanthu zolembedwa dzina lake. Pa 19 Januwale Senate inakana kusintha malamulo ake kuti bilu yoteteza ufulu wovota idutse, a Democrat awiri, Joe Manchin ndi Kyrsten Sinema, atavotera limodzi ndi a Republican. Aliyense anatola ndodo yake: awa mavoti, awo mashelufu. Ine ndinali ndi zonse ziwiri, botolo la madzi pamzere ndi kontena panyanja, ndipo panalibe chipani chofuna kumva nkhani yonse.

Katundu tinamulandira mu Novembala 2021, titalipiranso ndalama ya masiku amene kontena inagona padoko, masiku amene sitinasankhe ife. Titatsegula chitseko fungo linatiuza zonse. Usipa unachita nkhungu. Ufa munali anankafumbwe okhaokha. Mpunga ndi tsabola ndi zimene zinapulumuka. Ndinakhala pansi pa simenti kuseri kwa shopu, kulira osalira. Miyezi inayi makasitomala anali akubwerera pakhomo, ena atayamba kale kuzolowera kugula kwina. Mathireyi aja ndinagulitsa pa mtengo wa theka kuti tilipire lendi ya Disembala.

Anatitulutsa m'dzenje ndi agogo aja a therere. Anandipeza ndikusefa ufa kuti mwina ndipulumutseko wodya pakhomo, n'kufunsa kuti n'chifukwa chiyani chimanga choyera ndikuchiwolotsa nyanja. Ndinachita manyazi. Anthu a kum'mwera kwa America akhala akugayitsa chimanga choyera kuyambira kalekale, n'chimene amapangira grits ndi buledi wawo wa chimanga. Ine ndinali nditayesapo ufa wa anthu a ku Mexico, koma uja amaviika chimanga mu laimu, nsima yake imanunkhira zina, ndiye ndinangoti kuno ufa kulibe. Agogowo anali ndi mdzukulu wodziwana ndi mwini kachigayo kena kumapiri a kumpoto kwa Georgia. Tinapita Lolemba lina. Mzungu wachikulire, pa galimoto yake atamata dzina la Trump, anamvetsera ndikumufotokozera kukonola ndi kusalala kumene nsima imafuna. Ulendo woyamba unatuluka ngati mgaiwa wa misere. Wachiwiri bwinoko. Wachitatu ndinaphika pomwepo pa chitofu chake, iye n'kudya ndi supuni, ife n'kumuseka.

Panopa ufa umabwera milungu iwiri iliyonse, watsopano, wosagonera m'sitima. A ku Zimbabwe amati ndi wofewa pang'ono, a ku Congo amati uli bwino, Amalawi amadandaula n'kugula matumba awiri. Ndiwo zamasamba timatenga kwa mlimi wina amene anadabwa kumva kuti masamba a maungu amadyedwa; nkhwani yomwe ankalimira pansi pano amatigulitsa, ndipo collards wawo akaphikidwa ndi nsinjiro palibe amafunsa za mpiru. Usipa wokha ndi umene ulibe mlowam'malo. Umabwera pa ndege, pang'onopang'ono, wodula, ndipo ukafika ndimangolemba pa gulu la WhatsApp, pofika madzulo watha.

Pa chisankho chachibwereza cha Disembala 2022, cha mpando wa Senate pakati pa Warnock ndi Herschel Walker wa Republican, tinapita atatu pa galimoto imodzi, ine, bambo ndi agogo aja. Anthu anavota ochuluka. Bambo ankati umenewo ndi umboni woti lamulo silinaletse munthu. Agogo ankati ndi umboni woti anthu anakwiya n'kulimbikira. Madzi ndinanyamula anga m'chikwama, mabotolo atatu, ndinagawa tikadali m'galimoto.

Mu Julayi 2025 All-Star Game inabwerera ku Truist Park, lamulo lija likadalipo. Mayi wophikira maphwando uja anandiimbiranso, mawu ake okoma ngati kale, kufunsa ngati ndingathe mandasi ndi samusa za masiku atatu. Ndinati ndingathe, koma mathireyi abwere nawo okha, ndipo theka la ndalama lilowe kaye ndisanakande ufa. Linalowa Lachinayi.